A Chimenya ndi misuku ya kumanda

Mwezi uno takwanitsa chaka chiikireni a Chimenya m'manda, ndipo ana awo akubwera kudzachita mwambo wa chikumbutso. Andipempha kuti ndidzayankhule m'malo mwa adzukulu, ife okumba manda kuno kumunsi kwa phiri la Bangwe. Ndavomera, koma ndikudziwa momwe zimakhalira: adzandipatsa kanthawi kochepa, abusa akuyang'ana wotchi, ndipo munthu ngati uja sungamulongosole uli chiimire. Ndiye ndati ndiyambe ndamulongosola ndili chikhalire. Ine ndine wokhoma zitini, ndimapanga mbaula ndi ndowa pafupi ndi msika. Za ine zathera pomwepo.

A Chimenya anali munthu wamfupi, wadazi, woyenda mofulumira ngati wasiya mkaka pamoto. Anagwira ntchito zaka zambiri ku Zomba, yofufuza za mitengo ndi zamoyo zimene zimadalira mitengoyo. Atapuma anabwera kudzakhala m'nyumba imene anamanga kuno. Anzawo akapuma pa ntchito amatsegula okala kapena kugula minibasi. Iwo anayamba kutola zitosi za mbalame.

Sindikunama ayi. M'mawa ankayala masaka ndi nsalu zakutha pansi pa mitengo, kwawo ndi kwa aliyense amene wawalola, madzulo n'kudzanyamula. Zitosizo ankazitsuka m'sefa ya tiyi, njere zotsalamo n'kuzifesa m'zitini kuti aone chimene chimere. Zitinizo ndinkawaboolera ndine, ndipo umu ndi momwe tinadziwirana. Anyamata a pa siteji anawapatsa dzina loti a Risechi, poti ukawafunsa chimene akuchita yankho linali lomwelo: risechi, ndiye kuti kafukufuku. Dzinalo silinkawapweteka. Mpaka kutchalitchi ankayankha nalo.

Chimene chinkamera m'zitini zambiri chinali chitsamba chimodzi chomwecho. Iwo ankachitchula kuti lantana. Ife tinkangoti maluwa a mpanda, aja a timaluwa tachikasu ndi tofiirira pamodzi, a timinga tokanda, obereka tizipatso takuda. Ankati chitsambachi si cha kuno, chinabwera kalekale ndi anthu okonda maluwa, ndipo kuno chinapeza palibe chochiletsa. Apumbwa amadya tizipatsoto pa mipanda yathu, akakhuta amauluka kukafuna mtengo wautali woti aterepo, njere n'kukagwera kumeneko. Tsono mitengo yaitali kuno kwathu yatsala kuti? Phiri tinalimeta tokha ndi nkhwangwa. Yatsala kumanda basi.

Manda athu ndi kankhalango ndithu. Muli misuku ikuluikulu, mombo, ndi mitengo ina imene ine sindiidziwa maina. Inapulumuka chifukwa cha mantha. Kumanda sutolako nkhuni, sutolako chipatso, ndipo sulowako popanda maliro. Munthu akapezeka kumeneko yekha, khasu lili m'manja, nkhani yake imakathera kwa amfumu, pena poipa kuposa apo.

A Chimenya ankaima kumsewu n'kumayang'ana mkatimo ndi magalasi oonera kutali, ndipo chimene anaona chinawasowetsa mtendere. Misuku yonse inali nkhalamba, panalibe waung'ono ndi umodzi womwe. Pansi pake lantana anali atalukana mwakuti dzuwa silinkafika panthaka. Mileme inkadya masuku n'kumagwetsa njere monga mwa nthawi zonse, koma chomera chilichonse chinkafera mumdimamo. Ankati mitengo ikuluikuluyo ikadzagwa sipadzakhala wolowa m'malo, ndipo ana athu adzaikidwa pa chitsamba cha minga.

Ndinawafunsapo kuti bwanji osangofesa misukuyo kunyumba kwawo, anthu n'kuwasiya ndi manda awo. Anandionetsa mzere wa zitini momwe munali timitengo tachikasu, tina touma kale. Anati msuku ndi wovuta, umafuna dothi la pansi pa misuku inzake, momwe muli timizu ta bowa timene timathandiza mizu yake kudya. Ukauchotsa pamenepo umanyentchera. Ngati misuku ya kuno idzakhale ndi ana, ndi kumanda komweko.

Anapita kwa amfumu. Amfumu athu ndi munthu woseka ndi aliyense, ndipo anawamvetsera mpaka kumapeto, tiyi ali patebulo. Kenako anawauza kuti nkhani yamveka koma chilolezo palibe, chifukwa iwo safuna kudzagendedwa nyumba pa nkhani ya zitsamba. Anawakumbutsa kuti olowa kumanda ndi khasu ndi adzukulu okha, pa tsiku la maliro. Amfumuwo ankaganiza kuti atseka nkhani.

Maliro otsatira, ife tikusonkhana m'mamawa pa khomo la manda, tinangoona a Risechi akubwera, khasu paphewa, chikwanje m'manja, majombo kumapazi, tayi pakhosi. Mkulu wathu wa adzukulu ndi a Makina, chimunthu chachitali chopha mbuzi pamsika, chosadziwa kunong'ona.

"Madala, mwasochera," anatero a Makina. "Anamfedwa ali kunyumba uko. Mipando iliko."

"Sindinasochere, a Makina. Ndabwera kudzakumba."

"Inuyo? Ndi tayi? Kuno si ku ofesi, bwana. Dothi lake ndi la miyala ili."

"Ndiye mundiphunzitse. Kapena pali lamulo loti wadazi asakumbe?"

Tinaseka tonse, ndipo a Makina anasowa chokanira, poti ntchito ya manda saletsa munthu. Tayi uja sanavule, anangomulowetsa m'malaya.

Kunena zoona, kukumba sankatha. Khoma la dzenje likakhala lawo linkatuluka lokhota, wina n'kulowamo kukawongola. Manja anachita matuza mpaka kuphulika. Koma ankalowa m'dzenje nthawi yawo ikakwana, ndipo sankalola kuti wina awadumphe chifukwa cha ukulu. Ankati safuna munthu adzanene kuti anabwerera zitsamba zokha. Dzenje likatha, ife tikakhala pansi kudikira nkhuku yathu ya adzukulu ndi kudyana miseche, iwo ankalowa m'malunje muja n'kuyamba kuzula. Osati kudula, kuzula. Ankati lantana ukamudula wamuthandiza, amaphuka kuposa kale. Tinkangomva khasu likulira ndi iwo akudziyankhulira okha.

Ndi a Makina anakangana pafupifupi maliro alionse. A Makina ankati mwambo ndi kulambula njira ndi malo a dzenje basi, zinazo n'kusokosera ogona. A Chimenya ankayankha kuti ogonawo anaikidwa pansi pa misuku, ndipo palibe anawapempha kuti awafunditse minga. Tsiku lina a Makina, atatopa ndi kuona nkhalamba ikuvutika, anatulutsa machesi nati angotentha zonse zithe. A Chimenya anathamanga ndi majombo awo aja n'kuwagwira dzanja. Anakalipa mpaka mawu kusasa, kuti moto upha tiana ta misuku tomwe akutifunato, pamene lantana adzaphukanso mvula ikagwa. A Makina anabweza machesi m'thumba uku akutukwana chamumtima, ndipo tsiku lonselo sanayankhulane.

Musaganize kuti anali mngelo. Munthu uja anali wamakani, ndipo sankadziwa nthawi yoyenera kuphunzitsa. Ankatha kuimitsa munthu wothamangira minibasi kuti amufotokozere za apumbwa. Anazulapo mpanda wa aneba awo eni ake ali kutchalitchi, ndipo anapepesa mokhala ngati akuwachitira chifundo. Anthu nawo sanawasiye. Kunamveka zoti a Risechi akamva kuti kwagwa maliro amamwetulira, kuti amazonda odwala pofuna kudziwa tsiku lolowera kumanda. Zimenezi zinawapweteka kwambiri. Anandiuza ali pa benchi ya pa shedi yanga kuti akanakonda manda aja akanakhala osalowekanso mpaka kale, koma poti imfa siipempha chilolezo kwa iwo, sangalole tsiku lipite pachabe. Ananena zimenezi akuyang'ana pansi, ndipo ndinawamvera chisoni.

Choseketsa chinali chakuti mpanda wa lantana wokongola kuposa yonse m'dera lathu unali pakhomo pawo pomwe. Unali wa mayi Chimenya, mayi wojintcha, woseka mokweza, amene ankatsogolera amayi oluka nkhata za maliro kutchalitchi kwawo. Mpandawo anaubzala okha ndipo sankafuna kumva zouzula. Ankati mpanda wawo umaletsa mbuzi ndi akuba, pamene amuna awo saletsa kanthu. Anakangana mpaka anagwirizana chimodzi: mpanda ukhale, koma usabereke. Ndiye Loweruka lililonse unkawapeza a Chimenya ndi kambale, akuthothola tizipatso tisanade, mayi ali pakhonde akuwalozera pamene adumpha.

Mayiwo anadwala nthawi yaitali, ndipo a Chimenya anakhala nawo kuchipatala osabwera kunyumba. Mpanda uja unabereka mmene unafunira. Mayi atamwalira, amayi anzawo anaganiza zowalemekeza ndi maluwa a pakhomo pawo pomwe. Anadula nthambi za mpandawo n'kuluka nkhata zodzaza beseni. Anachita zimenezi mwa chikondi, ndipo palibe anaganizako za tizipatso takuda timene tinali mbwee m'nkhatamo.

Tsiku limenelo a Chimenya sanakumbe nafe, poti namfedwa sagwira khasu. Titakwirira n'kuumba mtumbira, wolengeza anayamba kuitana oika nkhata, ndipo woyamba anali mwamuna wa malemu. Anadzuka atagwiridwa mkono ndi mwana wawo wamwamuna, Yohane, amene amagwira ntchito ku Lilongwe. Mayi wina anagwada n'kuwapatsa nkhata. Anailandira, anaiyang'ana, ndipo sanasunthe.

Kenako tinaona zala zawo zikuyenda. Ankathothola tizipatso kamodzikamodzi n'kumaponya m'thumba la jekete. Kwaya inamaliza nyimbo, inayambiranso. Atatha nkhata yawo sanaiike pa mtumbira. Anawerama pa beseni n'kutenga ina.

"Adadi, anthu akuona," anatero Yohane chapansipansi. "Chonde, ingoikani. Tidzakambirana kunyumba."

A Chimenya anapitiriza kuthothola. Apo mlongo wa malemu, bambo wamkulu wochokera kumudzi, anadzuka mkwiyo uli pankhope.

"Alamu! Mukupita nazo kuti zimenezo? Kumanda satulutsako kanthu. Mukufuna anthu anene chiyani za mlongo wanga?"

"Sizinagwe pansi, alamu," anayankha a Chimenya. "Si za kumanda izi, ndi za kunyumba. Ndikuzibweza kumene zachokera."

"Pa maliro a mkazi wanu mukuchita risechi?"

"Mpanda wake ndinamusiyira ali moyo. Pano wagona pansi pa msuku, ndipo msuku umenewu ndikufuna ukhale ndi ana. Ndipatseni kanthawi."

Misozi inali ikutsika, koma zala sizinaleke. Ine ndinachita manyazi, ndisaname, ndinalakalaka wina awagwire awakhazike pansi. Khamu linayamba kung'ung'udza, ndipo kumbuyo ndinamva mawu oti mankhwala. Pamenepo a Makina, amene anali atatsamira fosholo, anapukuta manja pa buluku, anadutsa pakati pa abusa ndi akwaya, natenga nkhata m'beseni.

"Takuda tokha kapena ndi tobiriwira tomwe?" anafunsa ndi liwu lawo la pamsika lija.

"Tonse, a Makina."

Mdzukulu wamkulu akagwira chinthu kumanda, palibe amamuletsa. Enafe tinatsatira, kenako amayi awiri a kwaya anagwada nafe. Tinathothola nkhata zonse n'kuthira tizipatsoto m'matumba a jekete la namfedwa mpaka anatupa. Atatero a Chimenya anagwada, anaika nkhata yawo kumutu kwa mtumbira, n'kulira mokweza ngati mwana. Nanenso ndinalira.

Mlamu wawo uja sanawayankhulenso. Ena mpaka lero amati tizipatso tija anakapangira zawo. Koma amayi a kutchalitchi analeka kulukira lantana, anayamba maluwa ena ndi apulasitiki, ndipo a Chimenya anayamba kudandaula za pulasitikiyo. Mpanda wa mayi sanauzule. Anapitiriza kuuthothola Loweruka lililonse, pakhonde palibe wowalozera.

Kuchokera pa maliro amenewo ntchito inasintha. A Makina analamula kuti dzenje likatha, aliyense azule kaye chigawo chake asanakhudze nkhuku. Sanavomere kuti a Risechi ankanena zoona, anangoti atopa kuona nkhalamba ikufera m'minga iwo ali pompo. Zozulazo sitinkatuluka nazo. Tinkaziunjika pa thanthwe mizu ili m'mwamba kuti ziume. Pang'ono ndi pang'ono pansi pa misuku panayamba kuoneka nthaka. Dzinja lina tinamva a Chimenya akutiitana mokuwa, tinathamanga poganiza kuti alumidwa ndi njoka. Tinawapeza atagwada m'matope, akuloza kamtengo ka masamba awiri. Anatidziwitsa kwa iko mmodzimmodzi, ndi maina athu.

Mphamvu zitayamba kuwathera sankalowanso m'dzenje. Ankabwerabe, n'kumazula timalantana tating'ono ndi manja atakhala pansi. Kenako analeka kubwera. Masana ena anatuma uthenga kuti a Makina ndi ine tikawaone. Tinawapeza pa mphasa pabalaza, ataonda, koma maso ali gwa.

Aliyense ankadziwa kuti pambali pa mtumbira wa mayi panasiyidwa malo a iwo. Tsono poti pamenepo ndi pamene ankapalira kwambiri, ndi pomwe misuku ing'onoing'ono inamera yambiri kuposa pena paliponse.

"Paja pambali pa mayi musadzakumbepo," anatero.

A Makina anakanda mutu. "Nanga tidzakuikani kuti, madala?"

"Kumalire, chakumtsinje. Kumene tinalephera kufika kuja."

"Kuli minga yokhayokha kumene kuja!"

"Eya. Polambula malo anga mudzazula yambiri. Ndi njira yomwe mudzalambula."

"Ana anu adzatidya amoyo."

"Ndawauza, sakumva. Akuti ndi matenda akundiyankhulitsa. Koma khasu lili ndi inu, a Makina."

A Makina sanalonjeze kanthu. Potuluka anangondiuza kuti munthu uyu adzativutitsa mpaka tsiku lomaliza.

Anamwalira mvula itangoyamba. M'mamawa wa tsiku loika, Yohane anabwera ndi amalume ake kudzatilozera malo, ndipo analunjika pambali pa amayi ake. Anali ndi ndodo yoyezera m'manja. A Makina anaima patsogolo pake.

"Achimwene, pepani. Apa sitikumba."

"Mukutanthauza chiyani? Malo awa ndi a adadi. Aliyense akudziwa."

"Eni ake anakana. Anatiuza ife awiri, ali bwinobwino m'mutu."

"Ndiye amayi agone okha chifukwa cha timitengo? Mukudziwa kuti ndikhoza kupeza anthu ena okumba?"

"Apezeni," anatero a Makina mofatsa, zomwe sindinawamvepo chiyambire. "Koma khasu lachilendo silinalowepo muno, ndipo siliyamba lero. Bambo anu ndakangana nawo zaka zonsezi. Lero lokha ndiwamvera."

Yohane anatiyang'ana tonse, kufuna wina womuthandiza. Palibe anatukula piki. Anayang'ana timitengo tija nthawi yaitali. Ndinamumvetsa, ndipo sindimuweruza: mwana aliyense amafuna makolo ake agone pamodzi. Anaponya ndodo pansi n'kubwerera kunyumba. Amalume ake anatsala, anatola ndodoyo, natifunsa kuti kumalireko ndi kuti.

Sindinagwirepo ntchito yowawa ngati ya tsiku limenelo. Lantana wa kumeneko anali wotalika kuposa munthu, matsinde ngati mkono. Tinazula malo a dzenje, malo oima abusa ndi akwaya, ndi njira yonse yodutsa bokosi. Mikono inali magazi okhaokha, ndipo mwambo unachedwa chifukwa cha ife. A Makina ankazula uku akuwatukwana malemuwo mowatchula dzina, kuti aone zimene atichititsa. Palibe anapempha kupuma. Tinawaika a Chimenya pamtetete pamene tinatsegulapo, kutali ndi akazi awo. Yohane sanatipatse moni pochoka, ndipo sindikudziwa ngati adzatipatse akabwera.

Sabata yatha kunali maliro ena, ndiye tinalowanso. Ndinapatuka kukaona pambali pa mtumbira wa mayi Chimenya. Malowo ali momwe analili, kutalika ndi kufupika kwake kwa munthu mmodzi. Palibe mtanda, palibe mtumbira, palibe chizindikiro chilichonse. Pansi pali masamba ouma ndi makoko a masuku amene mileme yataya. Misuku ing'onoing'ono yafika m'mawondo, umodzi wandifika m'chiuno, masamba ake akuluakulu, olimba, onyezimira. Dzuwa limafika mpaka panthaka. M'mphepete ndinapeza timalantana tiwiri tangomera kumene, ndinatizula n'kukatiika pa thanthwe.

Ndili pomwepo anafika bambo wa kubanja lofedwa, mlendo kuno, amene ankafuna malo a m'bale wake. Anaona poyera paja, pamthunzi, pafupi ndi njira, ndipo anaitana a Makina.

"Apa bwanji, akulu? Pali malo abwino, palibe munthu."

A Makina sanaime n'komwe. Anasintha piki paphewa.

"Apo pali eni ake. Tiyeni kutsogolo."